Mabuleki a Mkamwini Wanga

Senderani kuno nonse, mafoniwo muwagoneke chafufumimba, ndikuuzeni za chaka chimene ndinakhala makaniko ku Dubai, ine wosadziwa ngakhale kupalasa njinga.

Ndinapitako kukalera mdzukulu, mwana wanga wamkazi, nesi uja, atabereka mwana wake woyamba. Ndinkati ndikhala miyezi itatu. Kolona anafika, ndege zinaima, ndipo mwana wangayo anayamba kugona kufupi ndi chipatala kuopa kutibweretsera matenda. M'nyumba yawo, kudera lotchedwa Silicon Oasis, tinatsalamo atatu: ine, khanda, ndi mkamwini.

Inu a masiku ano mumaseka ndi apongozi anu pampando umodzi. Kwathu ayi. Mkamwini sumuyang'ana m'maso, sudya naye, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Nanga m'nyumba ya ku Dubai tchire ulipeza kuti? Iwo akamatsika masitepe, ine ndinkathawira m'bafa. Tsiku lina ndinakhalamo mpaka miyendo kuchita dzanzi, iwo ataima pakhomo pomwepo kuyankha foni. A boma atalengeza kuti anthu azitalikirana, ndinati awa achedwa, ife tinayamba kale. Mawu athu ankadutsira mwa khanda la miyezi inayi.

"Uwauze bambo ako chakudya chili patebulo."

Iwo ali kuseri kwa chitseko: "Uwauze agogo ako ndathokoza."

Mthengayo ali phee, kuyamwa chala.

Mkamwini wangayo ntchito yake inali yokonza ndege. Ndege zitaima, ntchito inatha. Ndi munthu wofatsa, sanadandaule, anangosamukira m'galaja. Mmenemo munali chigalimoto cha ku America, chachikulu msinkhu kuposa iwo eni, cha zitseko ziwiri, mphuno yaitali yoti mungayanikepo mphale. Anachigula kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Sharjah, chili dzimbiri lokhalokha, amphaka ataswerana pansi pa chiwongolero. Mwana wanga ankachitcha mkazi mnzake.

Ankadzuka dzuwa lisanapse, poti kumeneko ikakwana nthawi yoti kwathu tikuweruka kumunda, chitsulo sungachigwire ndi dzanja. Timabawuti ankatisanja m'mathireyi a mazira. Ndinaona ndi maso angawa mwamuna wamkulu, wopita kusukulu, akutsuka chitsulo ndi mswachi, n'kuchipukuta ndi thawulo labwino kuposa limene ankapukutira nkhope yake. Tsiku limene injini inalira, mawindo ananjenjemera, khanda linalira, Mmwenye woyandikana nafe anasuzumira pampanda akuwomba m'manja, masiki ili pachibwano.

Koma popanda ntchito nyumba ija inatikulira. Anapeza kanyumba ka m'mwamba kudera lina lotchedwa Discovery Gardens, kopanda galaja, kumene galimoto yosayenda saloleza kuti igone pabwalo. Mwana wanga anaimbira foni mwamuna wakeyo, ine ndikumvera kukhitchini.

"Habibi, wokondedwa wanga, ndakupirirani mokwanira. Tsiku losamuka galimotoyo ituluke ndi miyendo yake. Apo ayi ndiitana eni ake a ku Sharjah adzatenge zitsulo zawo. Khalas, nkhani yatha."

"Inshallah, Mulungu akalola, iyenda."

"Inshallah yanuyo ndimaidziwa."

Chimene chinatsala chinali mabuleki. Galimotoyo inkadziwa kupita, kuima ayi. M'timapaipi ta mabuleki munali mpweya, ndipo kuuchotsa kumafuna anthu awiri: wina pampando kuponda, wina pansi kumasula kanati kuti mpweya utuluke pamodzi ndi mafuta. Mnzawo wa ku Zambia, amene akanawathandiza, anali atadzitsekera m'nyumba, atapezeka ndi kolona. Masiku awiri ndinawaonera pawindo akuyesa okha. Apanikize buleki ndi mtengo wa mopu, athamangire pansi, mtengo uja gwa. Tsiku lachitatu anangokhala patayala atagwira tsaya. Chakudya chinabwerera mmene chinapitira. Kunatsala masiku awiri kuti tisamuke, ndipo ndinaona kuti akatenga chigalimotocho, munthuyu satsala ndi chomudzutsa m'mawa.

Ndinabereka khanda, n'kukaima kuseri kwa chitseko cha galaja.

"Uwafunse bambo ako ngati phazi la nkhalamba lingagwire ntchito ya mopu."

Kenako ndinamva kukhwekhwereza pansi.

"Uwauze agogo ako kuti ndalowa kale kunsi, akhoza kudutsa."

Ndinalowa, ndikuona zidendene zokha zili kunja. Ndinakhala pampando, khanda pamiyendo, mtima uli m'malo poti mwambo sitinauphwanye: ine pamwamba, iwo pansi, pakati pathu chitsulo.

Ntchito imeneyi ili ndi mawu atatu okha: ponda, gwira, siya. Koma mkamwini woleredwa bwino angauze apongozi ake kuti ponda? Mawu anachokera pansi:

"Uwauze agogo ako kuti ngati sikuwavuta, komanso ngati mwendo sukuwapweteka, mwina atapondako chitsulo chapakaticho katatu, ndipo akatero, pepani kwambiri, asachotse phazi kufikira..."

Ine ndinali nditaponda pa "ngati sikuwavuta". Pofika pa "asachotse", phazi linali litapuma kalekale, mpweya n'kubwereranso mmene unachokera. Tinayambanso. Ulendo uno ndinagwira bwinobwino, iwo n'kuti, "Zikomo kwambiri." Nanga munthu akakuthokoza ungangokhala ngati chitsa? Ndinawerama kuwomba m'manja, phazi n'kunyamuka. Ulendo wina ndinaponda nthawi yolakwika, ndinangomva kulavula ndi kutsokomola, kenako: "Uwauze agogo ako asadandaule, ndi mafuta chabe."

Dzuwa linafika paliwombo. Botolo limodzi la mafuta linatha, kutsala lomaliza. Buleki inali wedewede ngati nthochi yakupsa.

Ndinatuluka osanena kanthu. Kwathu manyazi a chipongozi satha okha. Apongozi amapereka nkhuku, mkamwini n'kulandira ndi manja awiri, pali mboni, ndipo zimachitika ana atabadwa angapo, osati mmodzi. Ndinatsegula firiji, n'kutenga nkhuku youma gwa, yogula iwo omwe, n'kuiika m'mbale. Ndinadina nkhope ya mwana wanga pafoni, mwamwayi anali pa nthawi yopuma. Foniyo ndinaitsamiritsa pa batire.

"Bambo, tulukani pansipo."

Anali mawu anga oyamba kulunjika kwa iwo chikwatirire mwana wanga. Anatuluka, n'kugwada, maso ali pansi, mafuta ali chuchuchu m'khosi.

"Landirani. Kuyambira lero ndinu mwana wanga wobala ndekha. Ndiyang'aneni."

Analandira, nkhuku ikuwazizira m'manja, n'kudzutsa nkhope. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti mkamwini wanga ali ndi mpata pamano. Zaka zinayi ndikungodziwa nsapato zawo.

Foni inalankhula: "Amayi, nkhuku imeneyo ndi ya Lamulungu!"

"Iwe ndiwe mboni chabe, khala chete. Bambo, bwererani pansi. Muzindiuza mmene mumauzira anzanu ku ndege."

Tayala loyamba ankanong'ona. "Pondani. Gwirani. Siyani." Lachiwiri mawu anakula. Pofika lachitatu galaja yonse inkamveka:

"Yalla, tiyeni amayi, gwirani! Ndati gwirani!"

"Ndagwira! Mukufuna ndiboole pansi?"

"Musalankhule, phazi likuthawa!"

Onani munthu amene m'mawa womwewo ankapepesa asanapume. Pa tayala lachinayi chitsulo chija chinalimba pansi pa phazi langa, ndikaponda chikukana. Anatuluka, anayesa ndi phazi lawo, n'kukhala pansi pasimenti kuseka, misozi ikusakanikirana ndi mafuta.

M'mawa mwake anapita nayo koyeza magalimoto, inakhoza. Tsiku losamuka inatuluka yokha, ine ndili kutsogolo, khanda lili m'kampando kake kumbuyo. Pa maloboti oyamba mkamwini anaponda buleki, duku langa n'kutsetserekera pamphuno.

"Aima bwanji mabuleki amenewa, amayi?"

"Aima ngati oponda anali munthu wodziwa."

Mwana wanga anabwerera kunyumba matenda atachepa, ndipo mpaka lero ndi nesi komweko. Galimotoyo amaitukwanabe, koma Lamulungu popita kutchalitchi makiyi amakhala m'chikwama chake. Wa ku Zambia uja anachira, anakwatira mtsikana wa ku Kasungu. Khanda lija lili kusukulu, limawerenga manambala m'Chiarabu, Chichewa chake n'chopindika ngati cha wansembe wachizungu. Mkamwini anaitanidwanso kuntchito ndege zitayamba kuuluka. Ine ndinabwera kuno, akulu anga n'kundidzudzula kuti ndinafulumira, mwana mmodzi yekha sathetsa manyazi. Mwina sananame. Mkamwini uja tsopano amandiimbira Loweruka lililonse, kundifotokozera za injini ina imene akuisirira, mpaka khutu kutentha, ndipo ndikati ndiwo zikupserera amati, "Dikirani kaye, amayi, sindinamalize."