Mpingo Wathu Umakana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene liwu limodzi lochokera pakamwa panga linatsala pang'ono kutengetsa bambo anga. Zinachitika pa boma la Chikwawa, mwezi wa Okutobala, m'zaka zija za chipani chimodzi pamene munthu wamkulu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba.

Bambo, a Fombe, anali kalipentala. Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo anabwera kuno ali pamsana pa agogo. Chimang'anja ankachilankhula bwino, koma akakwiya kapena akakondwa kwambiri Chisena chinkangotuluka chokha. Kumbuyo kwa nyumba yathu anamanga kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri kochititsa lendi. M'kanyumbako munalowa azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, ochokera ku Amereka. Anali amishonale a mpingo umene kwathu sitinkaudziwa. Ochepa amene anaumvapo ankati ndi Amomoni. Bambo asanawapatse kiyi anapempha kuona kalata ya ku boma yowaloleza kukhala. Anaiona, ndi chidindo chake chomwe.

Aliyense wa iwo ankavala kachikwangwani kakuda pachifuwa. Liwu loyamba pa ka mwamuna tinkaliwerenga kuti Eluda, pa ka mkazi Sisita. Tinkayesa kuti ndi mayina awo, ndipo tinkawaitana choncho. La mkazi linawavuta mayi anga. "Sisitere wokhala ndi mwamuna?" anafunsa bambo tsiku loyamba. "Nanga ansembe akwawoko amangoyang'ana?"

Masiku awo ankayenda ngati wotchi. Ankadzuka dzuwa lisanatuluke n'kuwerenga mabuku awo mokweza, mosinthana, pa khonde. Kenako a Sisita ankawiritsa madzi akumwa a tsiku lonse m'poto wamkulu, n'kuwathira m'mabotolo okutidwa ndi nsalu yonyowa. Isanakwane naini koloko ankakhala atanyamuka. A Eluda kwawo anali mlimi wa zipatso ndipo ankadziwa mapampu, choncho mjigo ukafa anthu ankawatenga pamodzi ndi chikwama chawo cha masipanala. A Sisita ankaphunzitsa amayi kudula madiresi potsata pepala. Koma sankasiyana. Mjigo ukafa ku Maseya, onse awiri ankapita. A Sisita ankakhala pambali atagwira ambulera. Pamsewu ankayenda atagwirana manja, ndipo amayi ogulitsa nsomba ankaseka mobisa pakamwa ndi chitenje. Masana dzuwa la m'Chigwa likafika pamutu, nkhope zawo zinkafiira ngati tomato, ndipo ankakagona pa simenti. Lolemba linali lochapa ndi lolemba makalata kwa adzukulu awo, amene zithunzi zawo anazimata pachitseko.

Chichewa ankachiphunzira pa timapepala. A Eluda ankasunga mpukutu wa timapepalato m'thumba la shati, tomangidwa ndi labala: mbali imodzi Chingerezi, mbali ina Chichewa. Akasowa liwu ankakweza chala kuti mudikire, n'kuyamba kufufuza.

Patatha milungu iwiri mayi anawaitanira tiyi. Anatulutsa makapu a maluwa amene sitinkaloledwa kuwakhudza, anagula mkaka ndi masikono, ndipo shuga anali wa m'kapaketi kamene amalume ogwira ntchito ku esiteti ya nzimbe anabweretsa. Ine ndinanyamula thireyi. Alendowo anayang'anana. A Eluda anakweza chala, anafufuza timapepala tawo, nalankhula pang'onopang'ono, akumwetulira.

"Pepani, mayi. Ife timakana. Mpingo wathu umakana."

Anadya masikono, anathokoza, anapempha madzi. Iwo atapita, mayi anatsanulira tiyi uja m'makapu athu a pulasitiki mwaukali moti wina anatayikira pansi. "Ndawononga mkaka wanga," anatero. "Anthu okana awa."

M'mawa mwake mayi anandituma anyezi kumsika. Pachipata panali anyamata a chipani a malaya ofiira, akuona makhadi. Ana sankatifunsa. Koma mmodzi wa iwo, Zuze, amene ankadziwa kwathu, ananditchinga ndi ndodo yake mwachibwana.

"Iwe Rozina wa a Fombe, azungu a kwanu aja amatani tsiku lonse?"

Ndinakondwa kufunsidwa ndi munthu wamkulu pagulu. Ndinanena zonse zimene ndinkadziwa: kuti amawerenga mabuku a mpingo m'mawa uliwonse, kuti amayenda awiriawiri m'makomo mwa anthu, kuti ali ndi timapepala tambiri. "Ndiponso ndi okana," ndinawonjezera, potengera mawu a mayi. "Anena okha kuti mpingo wawo umakana."

Zuze anatsitsa ndodo. Mayi wina amene ankatsegula mfundo ya chitenje kuti atulutse khadi analeka n'kundiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali. Palibe anaseka.

Owerenga achinyamata afunika kudziwa ichi. Masiku amenewo kunali mpingo wina umene boma linauletsa chifukwa anthu ake ankakana kugula khadi la chipani. Dzina lake sitinkalitchula. Anthu ankangoti okana aja. Nawonso ankadziwika ndi kuyenda awiriawiri atanyamula mabuku. Nyumba zawo zinkaotchedwa, ambiri anathawira kutsidya kwa malire, ndipo wowasunga ankakhala ndi mlandu wofanana nawo. Zonsezi ndinali nditazimva, koma ngati nkhani za akuluakulu. M'mutu mwanga munali tiyi ndi masikono basi.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera mthenga: a tcheyamani a nthambi, a Dinyero, adzafika mawa eyiti koloko kudzamva za alendo okana amene a Fombe akusunga. Bambo anali akupala thabwa. Anaika chopalira pansi, napukuta manja.

"Wanena zimenezi ndani?"

Mthengayo anandiyang'ana ine, n'kutembenuka kumapita.

Ndinafotokoza ndikulira. Ndinkadikira bango la kuseri kwa chitseko, koma bambo sanandimenye, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chikwapu. Anangokhala pa benchi yawo ya ntchito. Mayi anati apite akafotokoze kwa a tcheyamani nthawi yomweyo. Bambo anakana. Anati munthu wothamangira kukadziyeretsa asanafunsidwe amaoneka ngati ali ndi chobisa. Mayi anati nanga kalata ya ku boma ija? Bambo anati kalata ndi ya azungu; azungu amawakweza ndege, koma munthu wobadwira kutsidya safuna mlandu waukulu. Lole imangomusiya pamalire, ikakhala yachifundo.

M'mawa bambo anatuluka atavala shati ziwiri ndi jekete yawo ya kutchalitchi. Aliyense wokhalapo ku Chikwawa mu Okutobala akudziwa kuti munthu savala jekete m'mawa wotero. Ndinamvetsa nditaona akupereka kwa mayi kiyi wa bokosi la zipangizo. Anavala ngati munthu woyembekeza kukagona pa simenti ya eni.

A Dinyero anafika pa nthawi yake, ali ndi Zuze ndi mnyamata wina. Anali munthu wonenepa, wogulitsa mbuzi, ndipo mpando umene anakhalapo pansi pa mtengo wa nimu anaupanga bambo. Anaitanitsa alendowo. A Eluda ndi a Sisita anabwera akumwetulira, atagwirana manja, poganiza kuti akulandira ulemu wa mkulu wa dera. Bambo sanawauze kanthu, poopa kuti zingamveke kuti anawaphunzitsa choyankha.

Bambo anatulutsa khadi lawo ndi la mayi. A Dinyero sanawalandire.

"Khadi ndi pepala, a Fombe. Ndabwerera alendo anuwa." Anatembenukira kwa a Eluda, nalankhula mokweza ngati kwa wogontha. "Tamva kuti inu mumakana. N'zoona?"

Nkhope ya a Eluda inawala. Linali liwu lomwe ankalidziwa, losafuna kapepala.

"Inde, bambo. Timakana."

"Nonse awiri?"

"Zaka makumi anayi," anatero a Sisita monyadira, akuonetsa zala zinayi. "Ana athu amakana. Adzukulu amakana."

"Ndipo mwabwera kudzaphunzitsa anthu a kuno kukana?"

A Eluda anaganiza kaye. "Ngati afuna," anayankha.

Ndinali nditaima pakhomo. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu la bambo n'kulowa m'kolala ya jekete. Anatsegula pakamwa, koma a Dinyero anakweza dzanja. "Inu mudzalankhula kumene mukupitako." Zuze anali atayamba kale kuyang'ana denga lathu.

Nthawi yomweyo mayi anandigwira paphewa n'kundipatsa thireyi. Mlandu kapena ayi, tcheyamani sakhala pakhomo pa munthu wopanda tiyi. Panali makapu anayi: ya a Dinyero, a anyamata awiri aja ndi ya bambo. Ndinagwada, ndinapereka, n'kudumpha azungu aja.

"Mwana wopanda mwambo uyu," anatero a Dinyero. "Akulu awa wawasiyiranji?"

Mawu anga anatuluka aang'ono. "Ndi zimene amakana zija."

"Wati chiyani?"

"Tiyi. Amakana tiyi."

A Dinyero anayang'ana m'kapu yawo, kenako anaikankhira kwa a Eluda. A Eluda anabweza ndi manja awiri mwaulemu. "Pepani. Timakana." Anakweza chala, anamasula labala, anapeza kapepala kamene ankafuna, nawerenga: "Tiyi. Khofi. Fodya. Mowa."

"Basi?"

"Basi."

"Nanga khadi? Nanga mbendera? Nyimbo ya fuko mumaimba?"

Liwu loti nyimbo analigwira. Nyumba yathu inali pafupi ndi sukulu, ndipo m'mawa uliwonse nyimbo ya fuko inkafika pa khonde pawo. A Sisita anali atalemba mawu ake onse. A Eluda anaimirira, anaika dzanja pachifuwa, nayamba kuimba ndi mawu aakulu osweka. A Sisita anatsatira. Tsono nyimbo imeneyo ikayamba palibe wololedwa kukhala pansi. A Dinyero anadzuka mofulumira, tiyi n'kuwatayikira pa thalauzi. Anyamata aja anaima nji. Ife kusukulu tinkaimba ndime imodzi. Azunguwo anaimba zonse zitatu, mosathamanga, dzuwa likutiwomba, ndipo tcheyamani anaima mpaka kumapeto kapu ili m'manja.

Atakhalanso pansi anapuma kaye. Kenako mimba yawo inayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"A Fombe, alendo anuwa si okana ayi. Ndi odwala. M'Chigwa muno, nzimbe zonsezi, munthu n'kukana tiyi? Shuga tidzagulitsa kwa yani?" Anatembenukira kwa Zuze. "Ndipo iwe, wandidzutsira zimenezi? Ukalowe mpingo umenewu, mwina kachasu angakusiye." Anamwa makapu atatu, anati awiriwo akumwera azungu, anafunsa a Eluda ngati angakaone mjigo wa kwa apongozi awo ku Chapananga, nanyamuka.

Bambo anawaperekeza mpaka pamsewu. Atabwerera anavula jekete, anavula shati yapamwamba, naipinda bwinobwino. Mayi anawabwezera kiyi. Bambo anamwa tiyi wawo wozizira kale, nati m'Chisena, "Takhuta," kutanthauza zikomo, osayang'ana aliyense. Kenako anandiitana ku benchi yawo n'kundionetsa kathabwa kamene anadula molakwika masiku apitawo.

"Ukuliona ili, Rozina? Ndi thabwa labwino, la mbawa. Koma ndinalidula lalifupi, ndipo chitseko chake sichitseka. Dzulo sunaname. Unangodula mawu aafupi. Ukanena kuti munthu wakana, uzimaliza: wakana chiyani."

Chilango changa chinali chokafotokozera alendowo ndekha zimene zinatsala pang'ono kuchitika. Zinanditengera nthawi, ndi Chingerezi changa cha Sitandade faifi. A Sisita atamvetsa anagwira pakamwa, misozi n'kutsika, ndipo anapita kukagwira manja a mayi nthawi yaitali. A Eluda anatulutsa kapepala kaja, anakhwatcha liwu loti timakana, nandipempha liwu lina. Ndinawapatsa loti sitimwa. Analilemba ndi zilembo zazikulu. Kuyambira tsikulo mayi ankawaviikira malambe m'madzi owiritsa, n'kuthira shuga wambiri, ndipo ankamwa m'makapu a maluwa aja mpaka tsiku limene anachoka, mvula itayamba.

Ndagwira ntchito ya nyuzipepala zaka zambiri. Anthu amaganiza kuti choopsa pa ntchito imeneyi ndi bodza. Bodza limagwidwa msanga. Mwini wake amabwera kudzalitsutsa. Chimene ndimachiopa ine ndi chiganizo choona koma chosamalizidwa, chifukwa womva amachimaliza yekha ndi mantha ake, ndipo wonenayo sadzapezeka kuti analakwa. Mtolankhani wachinyamata akandibweretsera nkhani yoti nduna yakana, kapena mfumu yakana, ndimamubwezera pepala lake kuti akafunse chimene akana, ngakhale makina osindikizira akudikira. Ena amati ndimavuta. Sanaonepo bambo awo atavala jekete mu Okutobala.