Kusamutsa Mayi Irmtraud

Bambo Eckhard Noack anabwera kuno ku Hoyerswerda ali mnyamata, migodi ya malasha ikulemba anthu ntchito, boma lakale lija likuimika midadada ya nyumba zosanja, zonse nkhope imodzi. Ana anali piringupiringu pabwalo, tulo ta masana osatiwona. Lero ntchito zinatha, anawo anathawira kumadzulo, tatsala ife ndi ndodo zathu. Midadada akuigumula umodziumodzi.

Atalengeza kuti wathu ugwa, tonse tinadandaula, koma a Eckhard anachita kuwonda. Akazi awo, Mayi Irmtraud, mutu unali utayamba kutaya zinthu. Mayina a ana awo anali atapita. Koma m'nyumba mwawo ankayenda osaphonya, ndipo amuna awo ankawazindikira m'menemo basi. Adokotala sanabise mawu: mukawasuntha, nanunso akuiwalani.

"Iwe Gudrun," a Eckhard anandiimitsa pamasitepe, ine woyandikana nawo khomo, "ndapeza nyumba mumdadada wa kuseri kwa sitolo, mamangidwe omwewa. Tikasamutsa tsiku limodzi, sadziwa."

"Aa! Mukufuna kupusitsa munthu amene mwakalamba naye?"

"Nanga nditani? Nyamula makatani, ulaliki ukachite kwanu."

Ndinanyamula, nanga n'kutani. Tsikulo litakwana, mng'ono wawo wa mayiwo anawatenga m'mawa kukadya keke, ife kalikiliki. Mapepala amaluwa a pakhoma bambowo anali atamata kale, ofanana ndendende. Wotchi pamsomali wake, mpando pakona yake. Anandikalipira chifukwa cha supuni, ati zimayang'ana kumanzere. Thukuta kamukamu, nkhalamba ziwiri!

Chakumadzulo mayi aja anafika. Anavula nsapato, chikhoto n'kukoleka osayang'ana n'komwe. Analowa kukhichini, kutsegula kabati, makapu ali pomwepo, n'kutengapo imodzi. A Eckhard anakhala pansi, n'kunditsinzinira diso.

Basi mtambo unasuntha, dzuwa linalowa pazenera n'kugwera patebulo. Kwakale kuja khichini inkawona dzuwa m'mawa mokha. Mdadada uno unatembenukira kwina, ndipo ife mbuzi sitinaganizeko.

Mayi anaima chilili, maso pa kuwalako. Anabweza kapu mukabati mosamala, n'kutembenukira kwa amuna awo mwaulemu wonse.

"Pepani bambo, kuno si kwathu. Mungandiperekezeko? Amuna anga akhala akuda nkhawa."

A Eckhard anadzuka pang'onopang'ono, nakawatengera chikhoto.