Kambuzi M'chikho cha Esinati

Ndikukumbukira bwino fungo la holo ya sukulu yathu kuno ku Doha: fumbi la makatani, utoto wosauma, ndi kamphepo kozizira ka makina kamene kankaumitsa milomo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anga ankagwira ntchito yomanga misewu, amayi anali namwino pa kachipatala kena ku Al Sadd, ndipo tinkakhala m'nyumba yosanja ku Bin Mahmoud, pamwamba pa sitolo yogulitsa zokometsera ndiwo. Pa sukulu yonseyo, mwana amene ndinkatha kulankhula naye Chichewa anali mmodzi yekha, Esinati wa ku Chipata. Tinkakhala mpando umodzi m'basi, tinkagawana kamba, ndipo tinkajeda anthu ali pomwepo, iwo osatolapo kanthu. Kunyumba Chichewa chinali cha kutumidwa ndi kukalipiridwa. Chichewa cha kuseka ndinkachipeza kwa Esinati basi.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a Chingelezi, mayi wachizungu wamtali woyenda mwandawala, anaganiza zoti tichite sewero lakalekale la kwawo. Chingelezi chake chinali chotopetsa lilime, koma nkhani yake ndinaimva msanga, pakuti inali ya kubwezera. Mkulu wina wa asilikali anali ndi mng'ono wake amene anaphedwa ndi nduna ya mfumu. Mzimu wa malemuyo sunkamupatsa mtendere, koma iye ankangozengereza, kumayendayenda yekha n'kumadzifunsa mafunso, kwinaku akumwetulira mdani wakeyo. Pomaliza anathira poizoni m'chikho pa phwando, ndipo amene anamwa chikhocho anali mwana wamkazi wa nduna, wosalakwa chilichonse. Zitatero malupanga anasololedwa, ndipo pofika kumapeto wamoyo anatsala wantchito mmodzi yekha.

Ine anandipatsa malo a mwana wa nduna uja. Mawu anga anali ochepa, koma imfa yanga inali yaikulu. Ndinkamwa, n'kugwira pakhosi, n'kuzungulira kamodzi, n'kugwa. Kenako anyamata anayi ankandigoneka pa thabwa, n'kundifunditsa nsalu yoyera mpaka m'khosi, ndipo ndinkagona pamenepo pamaso pa anthu onse mpaka sewero kutha. Si kudzitama ayi, ndinkafa mokoma. Kunyumba ndinkayeserera kubafa nditakhoma chitseko, chifukwa amayi anga ndinkawadziwa.

Chinsinsi chinaululika Lachisanu lina, tsiku lopuma kuno, Esinati ndi amayi ake atabwera kudzadya nkhomaliro. Esinati, mpunga uli m'kamwa, anatembenukira amayi anga.

"Aunty, mukabwere ku play. Tamanda amafa bwino maningi. Mpaka amamufunditsa nsalu yoyera."

Amayi anga anaika supuni pansi. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Kwathu mwana sagona ngati mtembo ngakhale posewera. Amenewo ndi malaulo, kuitana chinthu chimene chinali kudziyendera kutali. Ndinayesa kuwafotokozera kuti ndi za sukulu, kuti poizoniyo ndi juwisi chabe, koma ndinkangotaya malovu.

"Ndinakukweza ndege uli wamoyo," anatero amayi. "Sindingakhale pampando n'kumaomba m'manja mwana wanga atafunda nsalu ya maliro. Khalas, yatha imeneyo."

Sukulu itatsegulira anapita okha kukaonana ndi aphunzitsi. Mzunguyo sanamvetse, koma anagonja, monga ankachitira aliyense pamaso pa amayi anga. Malo anga anafunika munthu wodziwa kale mawu ake, ndipo amene ankandimva ndikuwaloweza m'basi tsiku ndi tsiku anali Esinati. Amayi ake analibe nazo vuto. Ankati Mulungu amatha kusiyanitsa sewero ndi pemphero. Ine anandiika kuseri kwa katani, wosunga malupanga a makatoni ndi wothira juwisi m'zikho.

Mtima unandiwawa koopsa. Ndinkadziwa ndithu kuti Esinati sanachite dala, kuti linali chabe lilime lake losagwira, koma mkwiyo sufunsa umboni. Ndinasamuka pampando wathu m'basi n'kukakhala kumbuyo, pakati pa ana amene ndinkangomva phokoso lawo. Anandibweretsera zitumbuwa, ine ndinati ndakhuta. Anandilembera kakalata, ine ndinakapinda n'kukabweza kosawerenga.

M'kabati ya kukhitchini munali botolo la tsabola wa kambuzi limene azakhali anabwera nalo kuchokera ku Lilongwe. Bambo, amene ankadzitcha mwamuna pa tsabola, ankangodontheza kamodzi n'kuyamba kupukuta chipumi. Ndinapungulirako pang'ono m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo kabotoloko ndinayenda nako m'chikwama milungu iwiri yathunthu. Poyamba ndinkamuseka mkulu wa asilikali uja, kuti ndi wamantha, amangolankhula osachita. Tsopano ndinamumvetsa. Pa kuyeserera kulikonse ndinkati lero ndi lero, koma ndikagwira chikho ndinkadziuza kuti mawa ndiye bwino.

Tsiku la sewero linafika, masana otentha kwambiri moti makolo ankalowa m'holo akudzikupiza ndi mapepala. Amayi anga anakhala mzere wachiwiri. Kuseri kwa katani ndinamuona Esinati atavala diresi lobiriwira limene poyamba linayezedwa pa ine. Amayi ake anali atalipinda m'munsi kuti limukwane, ndipo ulusi wake unkaoneka. Ulusi umenewo ndi umene unandimaliza. Ndinatsegula kabotolo kaja n'kukhuthulira zonse m'juwisi wa mphesa wa m'chikho chake.

Nthawi ya phwando itakwana, Esinati ananyamula chikho, nachifikitsa pafupi ndi milomo, n'kuima. Anayang'ana cha kumene ndinabisala. Kenako anagugudiza chonse. Anagwira pakhosi, anazungulira, anagwa, ndipo m'holo monse munangoti zii. Aphunzitsi ananena pambuyo pake kuti sanaonepo mwana akusewera choncho.

Vuto linali lakuti wakufa sadzuka kukamwa madzi. Sewero linali likadali lalitali. Panatsala madandaulo a nduna, malupanga, ndi mawu otsiriza a aliyense, pakuti m'sewero limenelo palibe ankafa asanalankhule mokwanira. Kuchokera pamene ndinaima ndinkamuona bwino Esinati pa thabwa paja. Misozi inkayenderera n'kumalowa m'makutu, zala za kumapazi zinkapindika pansi pa nsalu, koma sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Ndinkayembekeza kuti ndikondwa. M'malo mwake ndinachita manyazi oopsa, ndipo ndinkapemphera kuti mkulu wa asilikali uja afe msanga.

Katani itangotsekedwa ndinathamangira kukantini n'kumubweretsera mkaka wozizira. Anamwa osandiyang'ana, maso ali psuu. Sanauze aphunzitsi, sanauzenso amayi ake. Koma amayi anga, pomukumbatira kuti amuyamikire, mphuno yawo ya unamwino inagwira ntchito. Ananunkhiza kamodzi n'kundiyang'ana. Zimene ndinalandira titafika kunyumba ndinaziyenera, ndipo sindinadandaule.

M'mawa wotsatira wa sukulu ndinakwera basi mutu uli pansi. Woyendetsa anali kukuwa kuti yalla, yalla, tifulumire. Nditafika pa mpando wathu uja, Esinati anachotsapo chikwama chake. Ndinakhala. Tisanafike patali anali atayamba kale kundinong'oneza za nsapato zatsopano za aphunzitsi a masamu.

Koma ine mtima sunakhale pansi. Sewero lija linali litandiphunzitsa kuti wolakwiridwa amamwetulira kaye, kubweza kumabwera pambuyo. Miyezi yonse yotsatira, chitumbuwa chilichonse chimene ankandigawira ndinkayamba ndachinunkhiza. Botolo langa la madzi sindinkalisiya pa desiki. Iye ankandiona ndithu, n'kumangoseka. Palibe chinachitika. Chaka chitatha ntchito ya bambo ake inatha, banja lawo linabwerera ku Zambia, ndipo mpando uja ndinatsala nawo ndekha.

Lero zinthu zinasintha. Ine ndikadali ku Doha, namwino ngati amayi anga. Pansi pa misewu imene tinkadutsa pa basi pamayenda sitima, ndipo si zachilendo kumva amayi awiri akucheza m'Chichewa m'menemo akuchokera ku ntchito. Ana a anzanga ali ndi mafoni, asuweni awo a ku Kasungu amayenda nawo m'thumba. Akayambana ndi mnzawo satsala okha, ndiye mwina n'chifukwa chake amatayana mosavuta. Ife tinalibe kothawira.

Esinati ndi mphunzitsi ku Lusaka, ndipo timaimbirana. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati tsiku lija anadziwa.

"Iwe Tamanda, fungo ndinalimva chikho chisanafike pakamwa," anatero akuseka.

Ndinamufunsa kuti nanga anamweranji, ndipo n'chifukwa chiyani sanandibwezere miyezi yonse ija.

"Malo aja anali ako, ndiye ndinati ndingomwa, zithe," anayankha. "Nanga ndikanabweza, m'basi muja ndikanalankhula ndi ndani?"