Madzi Opemerera Fodya

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Wimbe, fodya atachita bwino chifukwa abambo anapeza makuponi awiri a feteleza. Pofika Juni tonse tinkaswera m'chigafa kusankha fodya. Masamba anali atauma gwaa, ukangowagwira n'kuphwanyika. Ena ankawafewetsa ndi burashi yoviika m'madzi, koma abambo ankati kumeneko n'kuwononga fodya. Iwo ankatunga madzi ndi kapu yapulasitiki, kudzaza m'kamwa, kenako fuuu! kupemerera masamba onse.

Sabata ina abambo anabwera kuchokera ku tauni ali ndi chimfine. Mamina chuchuchu, ankangopukuta ndi kuseri kwa dzanja n'kugwiranso kapu. Kapu ija inali ndi mafuta m'mphepete, ikununkha fodya ndi m'kamwa mwa munthu, koma ife ana tinkailimbirana ngati muli uchi. Abambo akatopa ankapatsa achimwene anga a Lefani, iwo n'kupatsa ine.

A Lefani anayamba kutsokomola Lachitatu. Ine Lachisanu ndinadzuka pakhosi pakukanda.

"Ana awa agone m'nyumba, akudwala," anatero amayi.

Abambo anayankha, "Ndi fumbi la fodya limenelo. Chaka chiti chimene sititsokomola? Agwire ntchito."

Ndipotu zinali zomveka, pakuti nyengo yosankha fodya mudzi wonse umatsokomola. Palibe anaganiza kawiri.

Mlongo wanga wamng'ono, Yamikani, anali ndi miyezi isanu. Amayi ankamugoneka pa thumba pakona ya chigafa, ndipo womulera ndinali ine. Tsiku lina nkhungu ya madzi ija inamugwera kumaso, iye n'kuseka kwambiri, miyendo ikupalasa m'mwamba. Basi ndinapeza masewera. Akangoyamba kulira, ndinkadzaza madzi m'kamwa n'kumupemerera pankhope. Lachisanu lomwelo, mphuno zanga zikutuluka kale mamina, ndinamupemerera kangapo. Aliyense m'chigafamo anaseka, ngakhale abambo.

Ife akuluakulu chimfine chinatisiya patatha masiku ochepa. Yamikani anasiya kuyamwa. Akamapuma, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Abambo anawakweza amayi ndi mwanayo panjinga kupita kuchipatala, ine ndikuthamanga pambuyo ndi matewera.

Namwino atamuyeza anafunsa, "Kunyumba ndani wina akudwala?"

"Tonse, koma lathu ndi fumbi chabe," anayankha amayi.

"Fumbi silitenthetsa thupi chonchi, mayi. Ichi ndi chimfine, chimayenda m'malovu ndi m'mamina. Wamkulu chimangomugwedeza, koma khanda chimalitsikira m'mapapo. Alipo amene amamutsokomolera kumaso?"

Amayi anati ayi. Ine ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Yamikani anagona m'chipatala masiku anayi, ndipo sanabwerere wamoyo. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti khanda saligoneka m'chigafa, fumbi la fodya ndi loipa. Amayi anaweramitsa mutu n'kuvomera mlandu umene sunali wawo.

Lero ndikudziwa kuti chimfine chikalowa m'nyumba ya ana chimadutsa mwa amene amagwirana kwambiri, ndipo mwina Yamikani akanachitengabe kwa wina aliyense wa ife. Zimenezo ndimadziuza kawirikawiri. Koma amayi akalamba tsopano, akudziimbabe mlandu wa fumbi, ndipo ine, mayi wa ana atatu, sindinawauzebe zimene ndinayenera kumuyankha namwino uja.