Sopo wa Pakhoma

Nthawi ya chipani chimodzi sopo anasowa ku Magodi. Shuga ndi mafuta ophikira chimodzimodzi. M'sitolo ya boma munatsala mashelefu ndi wogulitsa.

Kenaka kunamveka kuti a Gavanala akubwera kuchokera ku Lundazi. A tcheyamani a nthambi yathu ya chipani anaitanitsa wojambula wa ku Chipata. Wojambulayo anapenta khoma lonse la sitolo: mayi wonenepa akuseka, m'dengu mwake muli sopo, shuga ndi botolo la mafuta.

Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma nyimbo za paukwati ndinkapeka. A tcheyamani anandipeza ndikumata tayala la njinga.

"Komuledi, chithunzi chija chikufuna ndakatulo."

"Ndinene chiyani?"

"Zimene mukuona pakhomapo. Osawonjezera, osachotsera. Lole ya katundu ikadzafika, woyamba pamzere ndinu."

Kunyumba tinali ndi khanda. Matewera mkazi wanga ankachapa ndi phulusa, manja atang'ambika. Ndinavomera.

Ndinakhala moyang'anana ndi khomalo, pensulo m'manja, n'kulemba zimene ndinaona. Tsikulo litakwana ndinaimirira pamaso pa anthu:

Magodi, mayi wa masaya onona,
sopo wadzaza dengu lako,
shuga akutayikira nyerere,
mafuta mpaka m'khosi mwa botolo.

Amayi a chipani anaimba nthungululu. Anali atauzidwa kuti ndikangopuma aziimba. Ngakhale pamene ndinatsokomola anaimba.

A Gavanala anayang'ana khoma, kenaka ine.

"Ndakondwa," anatero. "Kulikonse kumene ndapita amangondilirira. Kuno ndiye mwakhuta. Lole ya mwezi uno ipite ku Chikomeni, kumene kuli mavuto."

A tcheyamani anayamba kuwomba m'manja. Tonse tinawomba. Wopinda manja masiku amenewo ankafunsidwa khadi la chipani.

Lole inadutsadi. Tinaona fumbi lake.

Ndinapita kwa a tcheyamani.

"Nanga sopo wanga?"

"Komuledi, ine sindinama. Malo anu alipo. Kaimeni ngakhale lero, palibe amene aime patsogolo panu."

Kunyumba mkazi wanga anandiikira beseni la matewera pamapazi.

"Bambo a mwana, inu ndi mayi wapakhoma uja paja mumamvana. Kam'pempheni akubenthulireni."

Ndinanyamula beseni kupita kudambo, phulusa m'chitini. Podutsa pasitolo mayiyo anali akusekabe.

Mvula ya chaka chimenecho inatsuka khomalo. Woyamba kusungunuka anali sopo.