Eni Dziko a pa Nsalu ya Clemente

Clemente Ngozo anabadwira ku Chidzolomondo, m'banja la anthu oweta ng'ombe, koma ng'ombezo iye sanazidyetsepo. Ali wamng'ono anadwala matenda amene anamupuwalitsa mwendo wamanzere, moti abale ake akamathamangira kudambo, iye ankatsala pakhonde. Anthu akwawo ankamudziwa ndi mafunso. Akamupatsa malaya ankawatembenuza n'kuyamba kumasula ulusi kuti aone mmene dzanja analilumikizira paphewa. Mayi ake atatopa ndi kusokanso zimene mwanayo wamasula, anakamusiya ku Furancungo kwa Mpwitikizi wina wa loja, kapena kuti sitolo, amene anali ndi makina osokera.

Kumeneko anaphunzira kusoka. Kumeneko anaonanso dado koyamba, kafupa ka mbali zisanu ndi imodzi ka timadontho takuda, kamene ana a mwini lojayo ankaponya posewera. Mwini loja pochoka m'dziko muno mu 1975 anamusiyira makina aja ndi chitini cha mabatani, ndipo pansi pa mabataniwo panali kadado kaja. Pambuyo pake Clemente anakwatira Virgínia wa ku Tsangano, nakakhala kwawo kwa mkaziyo. Makina anawaika pakhonde loyang'ana njira ya kumsika.

Nkhondo yapachiweniweni itakula, makoluna, magalimoto a katundu oyenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali, anasiya kufika ndipo nsalu zinasowa. Anthu ankabwera ndi masaka kuti awaboolere pamutu ndi m'manja, ntchito yosafika n'komwe masana. Kumunda ankapita m'mawa n'kubwerako msanga chifukwa cha mantha, ndiye ambiri ankathera tsiku pakhonde la Clemente akuothera dzuwa, poti ku Tsangano kumazizira.

Pofuna kuti manja asangokhala, Clemente anayamba kulumikiza tizigamba timene tinatsala m'thumba. Poyamba ankati akusoka chofunda. Koma atasokerera kachigamba kabuluu kakatali, anaona kuti kakuoneka ngati mtsinje. Zigamba zofiirira za thalauza lakale zinasanduka mapiri. Zipi yowonongeka anaisokerera mopingasa mtsinje uja, inakhala mlatho. Kumapeto kwina anaikako chidutswa cha neti yoyera, nati kumeneko n'kwa chifunga.

Masewera ake anali otere. Aliyense ankasankha batani m'chitini n'kunena kuti iye ndi ndani m'dziko limenelo: mlenje, wamalonda, sing'anga, kapena mlendo wongodutsa. Clemente ankafotokoza zimene zili kutsogolo. "Mwafika pa chigwa, mvula yakokolola njira, tsidya lina kukumveka ng'oma. Mutani?" Munthuyo ankanena zimene akufuna kuchita n'kuponya dado. Likagwa pa umu, kadontho kamodzi, zinthu zinkaipiratu, likagwa pa seyisi, timadontho tisanu ndi kamodzi, zinkatheka. Onse amene aulendowo ankakumana nawo, kaya wopalasa bwato, kaya galu wolankhula, ankawalankhulira ndi Clemente.

Koma panali mabatani atatu akuluakulu, ochoka pa kazako, jekete la mwini loja uja, amene munthu sankaloledwa kuwasankha. Amenewo anali Eni Dziko.

Woyamba anali NaChifunga, mayi wokalamba amene ankasenza chifunga m'dengu. Akavundukula dengulo, waulendo ankaiwala kumene akuchokera ndi kumene akupita. Wachiwiri anali Chitsekamlatho, amene ankakhala pa zipi ija. Iye sankalanda katundu koma mayina. Wowoloka ankasiya dzina lake pamlatho, ndipo tsidya linalo ngakhale mayi ake sankamuzindikira. Wachitatu anali Chigonamphiri, nkhunzi yaikulu moti pamsana pake panali midzi ndi minda. Inkangogona, koma ikatembenuka m'tulo, Clemente ankakoka nsalu ija pang'ono, mabatani onse n'kupezeka pamene sanali.

Mkangano umene sunkatha pakhondepo unali wakuti wamphamvu kuposa onse ndi ndani. Mateus, pulofesolo, mphunzitsi amene sikola yake inali itatsekedwa, ankati ndi Chitsekamlatho, chifukwa munthu wopanda dzina watha. Josefina, mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ankamuseka.

"Inu a pulofesolo, dzina limadyedwa? Nkhunzi ija ikangodzikanda, mlatho wanuwo ndi mlonda wake yemwe ali m'madzi."

"A Clemente, tiweruzeni," ankatero Mateus. "Anthuwa ndi anu."

"Sindikudziwa," ankayankha Clemente.

Anthu ankaganiza kuti akubisa, koma zinali zoona. Iye sankadziwa, ndipo sizinkamuvuta. Chimene chinkamukoka mtima n'kuona mmene munthu aliyense amachitira akakumana ndi chinthu chimene sangachigonjetse. Mateus ankayamba kutsutsana nacho ngati ali pabwalo la milandu. Josefina ankachinyengerera, kuchitchula kuti "achimwene", mpaka kuchilonjeza mbewu. Ena ankangotembenuka n'kuthawa dado lisanagwe n'komwe. Clemente ankawayang'ana nkhope, n'kumadabwa kuti anthu amene wakhala akuwayeza m'chiuno zaka zonsezi sankawadziwa.

Mbiri ya nsaluyo inafika kwa Tomé, mkulu wa amilisiya, anthu wamba amene boma linawapatsa mfuti kuti azilondera pamalopo. Anamva kuti wosoka wolumala uja ali ndi mapa, chojambula cha dziko, ndipo anthu amasonkhana kwake kukambirana za milatho ndi mapiri. Tsiku lina masana anatulukira ndi mfuti paphewa. Josefina anabisa batani lake m'kapulana, chitenje chimene anavala, ngati ndi chinthu chakuba.

"Mapa awa ndi a kuti?" anafunsa Tomé.

"Si a kuno, a komandanti."

"A ku Malawi?"

"Ayi. Si a kulikonse."

Tomé anagwada n'kuloza zipi ija ndi chala. "Uwu ndi mlatho?"

"Inde."

"Amaulondera ndani?"

"Chitsekamlatho."

"Ali ndi anthu angati?"

"Ali yekha."

"Zida?"

"Alibe."

"Ndiye amauteteza bwanji?"

Clemente anamva kuti funso lomalizali latuluka mosiyana ndi ena aja. Mawu a munthuyo anali atafewa. Anamukankhira chitini chija. "Tengani batani mukadzionere nokha."

Tomé sanayang'ane n'komwe m'chitinimo. Dzanja lake linapita pa batani lalikulu limene linali pamlatho.

"Limenelo ayi," anatero Clemente, asanaganize kuti akulankhula ndi ndani.

"Chifukwa?"

"Amenewo munthu sakhala iwo. Amangokumana nawo."

Tomé anamuyang'anitsitsa, kenako anavundula m'chitini n'kutulutsa batani lamkuwa. Anati iye ndi msilikali. Analiyendetsa mpaka pamlatho, ndipo Clemente atalankhula ndi mawu okhuthala a Chitsekamlatho kuti, "Mlendo, siya dzina lako," Tomé anayankha kuti, "Ndikumuwombera." Anaponya dado. Linagubuduzika mpaka pa chigamba cha mtsinje n'kuima.

"Seyisi," ananong'ona Mateus.

Onse anayang'ana Clemente. Seyisi sankakanidwa, lamulolo analiika ndi iye mwini. Koma akanati mlondayo wafa, dziko lake likanasanduka la aliyense wokhala ndi mfuti. Ndiponso mfuti yeniyeni inali itatsamira pa makina ake. Anatseka maso n'kuyesa kuona munthu wa pamlatho uja mmene angachitire.

"Mwamulasa pachifuwa penipeni," anatero. "Chipolopolo chagwera pansi. Wachitola, akuchitembenuza. Akuloza chimene mwanyamulacho, akufunsa kuti, 'Ichi dzina lake n'chiyani?'"

"Mfuti," anayankha Tomé.

"Walitenga dzinalo. Akuti zikomo, mutha kuwoloka. Tsopano m'dziko lonselo palibe amene akudziwa kuti chitsulo chili paphewa panucho n'chantchito yanji. Ngakhale inu mwini."

Kenako Tomé anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. "Wandibera mkulu ameneyu! Ndiye ndiyenda ndi chiyani?"

"Mwina n'chokumbira kachewere," anatero Josefina, ndipo khonde lonse linaseka.

Kuyambira pamenepo Tomé ankabwera akapeza mpata. Msilikali wake wamkuwa anayenda dziko lonse la pansalupo akufunsa anthu kuti chitsulo chakecho n'chiyani, ndipo aliyense ankamuuza zosiyana.

Munthu mmodzi yekha sankasewera, ndiye Virgínia. Ankati ndi zachibwana, anthu aimvi kumakangana za mabatani. Koma chaka china mlongo wake Luciano anagwidwa ndi anthu a m'tchire, omenyana ndi boma, akuchokera kumunda, namusenzetsa katundu, osabwereranso. Virgínia anasiya kudandaula za masewerawo. Ankakhala chapatali akusankha nyemba, khutu lili komweko.

Tsiku lina lozizira anaika lichero pansi, anabwera n'kutola kabatani koyera ka malaya a mwana. Sananene kuti iye ndi ndani. Anakaika mwachindunji pa neti ija.

"Ndafika kwa NaChifunga," anatero.

Clemente anasintha mawu kukhala a nkhalamba monga ankachitira nthawi zonse. "Mwana wanga, wabwera kudzatani kuno?"

"Ndabwera kudzafunsa. Anthu amene amasochera m'chifunga chanu mumawasunga kuti?"

Eni Dziko aja Clemente anawapanga kuti azitsekereza njira ndi kudabwitsa aulendo. Sanaganizepo kuti wina angadzawafunse zimene amachita aulendowo akapita. Akanatha kupeka yankho lokoma, kunena kuti onse ali pamudzi wina wabwino kuseri kwa phiri, koma mkazi wake ankamuyang'ana m'maso, ndipo ankadziwa mmene mawu ake amamvekera akamanama.

"Akuti mubwere mawa," anatero.

Mawa lake sanayankhe, mkuja wakenso ayi. Ankapalasa makina maganizo ali kwa mayi wa dengu uja. Kodi amagona kuti? Dengulo anamupatsa ndani? Chifunga chenicheni chikatsika m'mapiri m'mawa, iye ankakhala pakhomo akuchiyang'ana mmene chikumezera mitengo, khola, mpaka njira ya kumsika. Anaona kuti sichisankha.

Atakonzeka anayala nsalu, anthu onse alipo. Kabatani koyera kanali pomwe paja.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu a NaChifunga, "ine sindisunga munthu. Ndimangophimba. Wothawa ndimamuphimba, womuthamangitsa ndimamuphimbanso, ndipo m'katimo ine sindiona kuti uyu ndi uti. Ndikabweza chifunga m'dengu ndimapeza onse apita."

"Ndiye mphamvu zanuzo n'zachiyani?" anafunsa Virgínia.

"Inenso ndimadzifunsa zomwezo."

Virgínia anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kufunsa kuti njira ya kumlatho ndi iti. Anati akufuna akamve kwa Chitsekamlatho ngati mayina amene amalanda aja amawakumbukira. Anakhala wosewera wovuta kuposa onse. Sankamenyana ndi aliyense, ankangofunsa, ndipo Clemente ankapezeka akudziwa zinthu zatsopano za anthu ake omwe. Anazindikira kuti Chitsekamlatho sanawolokepo mlatho wakewo, ndiponso kuti Chigonamphiri amaopa kudzuka chifukwa cha ana amene akusewera pamsana pake. Mateus anayesa kudzutsanso mkangano wa wamphamvu kuposa onse, koma anthu anali atayamba kukonda mafunso a Virgínia.

Mu 1986 nkhondo inafika pa Tsangano penipeni. Mfuti zinayamba kulira m'mawa kunja kuli ngwee, anthu n'kubalalika kulowera kumalire. Virgínia anakwirira mutu wa makina kuseri kwa nkhokwe. Clemente sakanatha kuthamanga, ndipo amene anamukweza panjinga n'kumukankha mpaka kutsidya kwa malire anali Tomé, amene anabwereranso tsiku lomwelo kukafuna banja lake. Chitini cha mabatani chinatsala pakhonde. Nsalu ija anaitenga, koma kumsasa wa othawa kwawo, cha ku Ntcheu, kunkazizira, ndipo anaipereka kwa Josefina kuti azifunditsa adzukulu ake. Inatha ngati mmene zofunda zimathera.

Kumsasako anayesa kusewera pansi ndi timiyala ndi dado losema pa mtengo. Anthu atsopano ankabwera, ena ankakonda, koma Mateus anali atapita kwina kukaphunzitsa ndipo masewerawo anazilala pang'onopang'ono. Luciano anatulukira nkhondo itatha, wowonda, wosafuna kukamba za kumene anali. Tomé anabwerera ku ulimi wa chimanga ndi nyemba.

Clemente ndi Virgínia anabwerera kwawo mu 1994. Mutu wa makina anaufukula uli ndi dzimbiri, iye anaumasula wonse n'kuutsuka ndi mafuta mpaka unayambanso kusoka. Sikola zitatsegulidwa anapeza ntchito yambiri ya mayunifomu. M'zaka zake zomaliza njinga zamoto zinachuluka m'misewu ya fumbi, ndipo eni ake ankabwera kuti awasokere zophimba pa mipando. Iye ankawachedwetsa dala, akuwafunsa kuti mafuta akalowa umu amatulukira kuti, nanga tcheni chimadziwa bwanji kuti chifulumire. Tsiku lina anauza mmodzi wa iwo kuti mpando sangauyeze bwino asanaukhalepo ukuyenda. Anamukweza kumbuyo, ndodo yake ataipingasa pamiyendo, Virgínia akukuwa pakhomo kuti agwiritse. Anapita mpaka kumsika n'kuzungulira, ndipo pobwera anapempha kuti adutse njira yaitali ya kumtunda.