Ndinadyetsa Dzuwa Mbewu ya Apongozi

Inu owerenga, ine ndinawononga mbewu ya banja lonse chifukwa chokhulupirira kuti chinthu chikachitika katatu ndiye kuti chasanduka lamulo. Mpaka lero ndikakumbukira, manyazi amandigwira.

Kwathu ndi ku Nathenje, koma ndinakalowa chikamwini ku Mitundu njala yaikulu ija itangotha. Apongozi anga aakazi anali ndi chimanga cha mbewu chimene anachipachika kudenga nthawi yonse ya njalayo. Anadya gaga ndi mizu yakutchire, koma mbewuyo sanaikhudze.

Chaka changa choyamba ndinaona mitambo yakuda itakuta phiri la Dzalanyama, mvula n’kugwa usiku wake. Ndinadzala kamunda kakang’ono anzanga akundiseka, koma mvula inapitirira ndipo ndinayamba ndine kudya mondokwa. Chaka chachiwiri zinatero, chachitatunso chimodzimodzi. Basi, mutu unakula. Pamowa ndinkadzitama kuti Dzalanyama sandinamiza ine, ndipo ndinaiwala zoti mkamwini asamakule mwendo.

Chaka chachinayi mitambo ija itabweranso, ndinatsitsa mbewu yonse, ndi ya apongozi yomwe, kuti ndikadzale. Mkazi wanga anandidandaulira kuti mvulayo ikhoza kukhala chizimalupsa, ija imangozimitsa moto wa m’tchire n’kupita. Anapempha kuti tisiyeko ngakhale lichero limodzi. Ndinamuyankha monyada kuti ndaziona katatu ndi maso angawa.

Chimanga chinamera bwino. Kenaka kumwamba kunayera mbee! Dzuwa linaswa mtengo, mmera wonse n’kupserera ine ndikuyang’ana. Mvula yeniyeni itafika, kudenga kunalibe kanthu.

Paja mkamwini ndi apongozi sayang’anizana. Iwo anaima kuseri kwa nkhokwe n’kulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve.

“Uwauze amuna akowo kuti mbewu imene njala inalephera kudya, iwo aidyetsa dzuwa.”

Mawuwo anandilasa mtima. Ena anandilangiza kuti ndingonyamula mkeka wanga ndibwerere kwathu, koma ndinakana. Ndinapita ku Nathenje wapansi, ndinalima ganyu kwa aliyense amene akanandilipira mbewu, ndipo ndinaisenza pamutu mpaka ku Mitundu. Tinadzala mochedwa, tinakolola zochepa, ana anagonapo ndi njala. Chimanga cha mtundu wa apongozi chija sichinapezekenso.

Abale anga, sindikuti musamaphunzire pa zimene mwaona, poti munthu amakhalira zomwezo. Koma zaka zitatu zinangondiuza za zaka zitatuzo, za chachinayi ndinangoganizira ndekha. Mukaona chinthu chikubwerezabwereza, yesani ndithu, koma musaikepo zonse, makamaka zikakhala za eni ake.

Ine mitambo ikakuta Dzalanyama ndimadzalabe msanga. Koma lichero limene mkazi wanga anapempha lija limatsala kudenga, ndipo palibe mtambo umene ungalitsitse.